Kodi ndi Pinochet amene anakonza dziko la Chile?

Mbewe wa ku Kawale: Akuluakulu, ndili ndi funso, musandigende. Masiku ano anyamata ambiri akumanena kuti dziko losauka silingatukuke popanda mtsogoleri wosanyengerera, ndipo chitsanzo chimene amathamangira ndi Chile. Akuti Pinochet analanda boma zinthu zitasokonekeratu, n'kulisiya dzikolo likuyenda bwino kuposa maiko anzake a ku South America. Ngati n'zoona, demokalase yochedwetsa zinthuyi tikuikakamiriranji?

Nangozo: Achimwene, musanafike pa chuma, yambani mwafunsa za anthu oposa 3,000 amene anaphedwa kapena kusowetsedwa pakati pa 1973 ndi 1990. Nambala imeneyi ndi ya boma la Chile lenilenilo, osati ya adani ake.

Mbewe wa ku Kawale: Achemwali, sindikukana kuti anthu anafa. Ndikufunsa ngati chitukukocho chikanabwera popanda iye.

Aphunzitsi Opuma: A Mbewe, funso lanu ndi labwino, koma mwaiyambira pakati nkhaniyi. Mukumva ngati Pinochet anapeza dziko la chisawawa. Ayi. Pofika 1973, Chile inali itakhala ndi nyumba ya malamulo ndi zisankho kwa zaka zoposa 140, mosadukizadukiza kwenikweni. Ndiloleni ndibwerere kumbuyo.

Pa 18 Seputembala 1810 akuluakulu a mumzinda wa Santiago anakhazikitsa komiti yawoyawo yolamulira, mfumu ya Spain ili m'manja mwa Napoleon. Asilikali a mfumu anadzalandanso dzikolo mu 1814. Mu 1817 José de San Martín wa ku Argentina ndi Bernardo O'Higgins anadutsa mapiri a Andes ndi gulu la nkhondo, n'kupambana ku Chacabuco. Ufulu unalengezedwa pa 12 Febuluwale 1818, ndipo nkhondo ya ku Maipú mu Epulo chaka chomwecho ndiyo inatsimikiza. O'Higgins atakhala mtsogoleri anathetsa maudindo a ufumu amene mabanja olemera ankanyadira, n'kufunanso kukhudza malamulo a chuma chamasiye a eni minda ikuluikulu. Sanachedwe. Mu 1823 anamukakamiza kutula pansi udindo, ndipo anakafera ku Peru mu 1842.

Munthu amene muyenera kumudziwa ndi Diego Portales. Sanakhalepo pulezidenti. Anali wamalonda, ndipo kampani yake ndiyo inapatsidwapo chilolezo chogulitsa fodya yokha m'dziko lonse. Mbali yake itapambana nkhondo yapachiweniweni ku Lircay mu 1830, iye anakhala nduna yamphamvu, ndipo maganizo ake ndi amene analowa m'malamulo oyendetsera dziko a 1833: pulezidenti wamphamvu kwambiri, voti ya amuna okhaokha odziwa kuwerenga ndiponso okhala ndi katundu. Asilikali ogalukira anamupha mu 1837, koma malamulo aja anagwira ntchito mpaka 1925. Kuyambira 1831 mpaka 1871 kunali apulezidenti anayi okha, aliyense zaka khumi, aliyense n'kuchoka nthawi yake itakwana.

Mai a Tadala: Aphunzitsi, ndiye kuti mukuwathandiza a Mbewe? Portales wanuyo akumveka ngati wosanyengerera yemwe uja.

Aphunzitsi Opuma: Mayi, analidi wankhanza, ndipo a Pinochet ankakonda kudziyerekeza naye. Kusiyana kwake n'kwakuti Portales anamanga mpando kuti ukhale wamphamvu kuposa munthu woukhalira, pamene Pinochet anaukhalira yekha zaka pafupifupi 17. Koma bata la nthawi ya Portales musalitamandenso kwambiri. Anthu wamba anali matenanti pa minda ya mabanja ochepa, ndipo kuyambira m'ma 1860 mpaka 1883 boma linalanda ndi mfuti dziko la Amapuche kum'mwera, anthu amene ngakhale Spain inawalephera kwa zaka mazana atatu. Mkangano wa malo amenewo sunathe mpaka lero.

Wa ku Kitwe: Ine ndikudikira mufike pa migodi, chifukwa ndale za Chile popanda migodi simungazimvetse. Kwathu kuno ku Copperbelt dzina la Chile makolo athu ankalidziwa kale mpira usanalitchukitse.

Aphunzitsi Opuma: Tafika, akulu. Kopa asanatchuke kunali nitrate, mchere wa m'chipululu cha Atacama umene ankapangira feteleza ndi onga. Malowo anali a Bolivia ndi Peru, koma makampani ndi antchito ambiri anali ochokera ku Chile. Mu 1878 Bolivia inaika msonkho wa masenti khumi pa muyeso uliwonse wa nitrate wotuluka, Chile n'kunena kuti pangano laphwanyidwa. Mu Febuluwale 1879 asilikali a Chile analowa mu Antofagasta. Pofika 1881 anali atalanda Lima. Nkhondo itatha, Peru inataya chigawo cha Tarapacá, Bolivia inataya gombe lake lonse.

Mai a Tadala: Ndiye Bolivia ndi mnzathu pa nkhani yodikira katundu kudoko la eni ake?

Aphunzitsi Opuma: Ndi mnzathu, koma iye nyanja anali nayo, n'chifukwa chake zimamuwawa kwambiri. Mpaka lero ali ndi asilikali a pamadzi amene amayenda pa nyanja ya Titicaca, ndipo pa 23 Malichi chaka chilichonse amakumbukira gombe lawo. Anakasuma kukhoti la maiko ku The Hague, koma mu 2018 khotilo linati Chile siikakamizidwa kukambirana zowapatsa njira ya kunyanja.

Chile inalemera ndi nitrate. Kwa zaka zambiri pafupifupi theka la ndalama za boma zinkachokera ku msonkho wa mchere umenewu, pamene migodi yambiri inali ya Angelezi monga John Thomas North. Pulezidenti José Manuel Balmaceda anafuna kuthira ndalamazo mu njanji ndi masukulu, n'kuyambana ndi nyumba ya malamulo pa nkhani ya bajeti. Mu 1891 kunabuka nkhondo: asilikali a pamtunda kumbali ya pulezidenti, a pamadzi kumbali ya aphungu. A pamadziwo anathamangira kukagwira madoko a nitrate, ndiye ndalama zogulira mfuti zinali kwa iwo. Balmaceda anagonja, n'kudziwombera ali kobisala ku ofesi ya kazembe wa Argentina.

Wa ku Kitwe: Onjezani za antchito, aphunzitsi. M'migodi ya nitrate anthu sankalipidwa ndalama zenizeni. Ankapatsidwa timakobiri ta kampani timene tinkagwira ntchito m'sitolo ya kampani yomweyo basi. Munthu wagwira ntchito mwezi wathunthu padzuwa la m'chipululu, malipiro ake sangagulire kanthu tauni yoyandikana nayo. Mu Disembala 1907 anthu masauzande ananyanyala ntchito, n'kutsikira ku Iquique pamodzi ndi akazi ndi ana awo. Anawasonkhanitsa pasukulu ya Santa María, ndipo pa 21 Disembala asilikali anawathira zipolopolo. Anafa mazanamazana, ena amati anapitirira 2,000. Zipani za antchito za ku Chile mizu yake ili kumeneko, sizinachite kubwera ndi Allende, pulezidenti amene Pinochet anadzamulanda boma.

Aphunzitsi Opuma: Mwanena zoona. Kenako Ajeremani anatulukira njira yopangira feteleza m'fakitale, msika wa nitrate n'kuyamba kufa, ndipo mavuto a zachuma a dziko lonse a 1929 anadzamalizitsa. Zaka za 1924 mpaka 1932 ndi zimene asilikali analowerera ndale: Carlos Ibáñez analamula mwankhanza kuyambira 1927 mpaka anthu atamuthamangitsa mu 1931, ndipo mu 1932 kunali boma lina limene linakhala masiku 12 okha. Kuchokera pamenepo mpaka 1973 apulezidenti onse analowa ndi voti. Amayi anavota koyamba pa chisankho cha pulezidenti mu 1952.

Wa ku Kitwe: Apa ndiye pakulowa ife. M'malo mwa nitrate munabwera kopa, ndipo migodi ikuluikulu inali ya makampani a ku America: Chuquicamata ya Anaconda, El Teniente ya Kennecott. Eduardo Frei Montalva, amene anapambana mu 1964, anagulira boma magawo 51 pa 100 a El Teniente. Mu 1967 maiko anayi okumba kopa, Chile, Peru, Congo ndi Zambia, anakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa bungwe la CIPEC kuti azilankhula ndi mawu amodzi pa mitengo. Mu Ogasiti 1969 a Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a migodi yathu. Njira inali imodzimodzi. Kumene tinasiyanirana ndikuuzani kutsogoloku.

Mbewe wa ku Kawale: Chabwino, mbiri ndaimva. Koma palibe amene wakhudza za Allende. Si iyeyo anagwetsa chuma? Ndinamva kuti anthu ankagona pamzere kufuna buledi.

Aphunzitsi Opuma: Mizere inalipodi, sitingabise. Salvador Allende anali dokotala, wa chipani cha Socialist, ndipo anapikisana kanayi: 1952, 1958, 1964, n'kudzapambana mu 1970 ndi mavoti 36.6 pa 100 alionse. Jorge Alessandri anamutsatira pafupi kwambiri, Radomiro Tomic n'kukhala wachitatu. Popeza panalibe wopitirira theka, nyumba ya malamulo ndiyo inayenera kusankha pakati pa awiri oyambawo. Masiku awiri aphungu asanavote, anthu ofuna kuti asilikali alowerere anawombera mkulu wa asilikali, René Schneider, amene ankanena poyera kuti asilikali atsatira malamulo. Anamwalira patapita masiku atatu. Aphungu anamuvomerezabe Allende.

Chaka choyamba zinthu zinkaoneka bwino. Malipiro anakwera, mwana aliyense ankalandira theka la lita ya mkaka patsiku, ndipo pa 11 Julayi 1971 aphungu onse, ngakhale otsutsa, anavomereza kuti migodi ya kopa ikhale ya boma. Koma boma linkasindikiza ndalama zambiri uku likuletsa mitengo kukwera. Katundu anasowa m'masitolo n'kumapezeka kuseri pamtengo wowirikiza. Minda ndi mafakitale ena anthu ankangolanda osadikira lamulo, Allende osatha kuwaletsa chifukwa anali omutsatira ake omwe. Pofika 1973 mitengo inkakwera ndi 500 peresenti pachaka, kapena kuposa.

Nangozo: Koma musasiye mbali inayo. Allende asanalumbire n'komwe, pulezidenti wa America, Richard Nixon, anali atalamula kale bungwe la akazitape la CIA kuti ifinye chuma cha Chile mpaka chilire. Komiti ya Senate ya America yomweyo, motsogozedwa ndi Frank Church, inaulula mu 1975 kuti CIA inawononga madola pafupifupi 8 miliyoni pakati pa 1970 ndi 1973 pothandiza otsutsa ndi nyuzipepala yawo. Ngongole zakunja zinatsekedwa. Mu Okutobala 1972 eni malole anaimika galimoto zawo pafupifupi mwezi wathunthu. Taonani mapu a Chile mmene dzikolo latalikira, makilomita oposa 4,000 koma lopyapyala ngati nsungwi. Malole akaima, chakudya sichiyenda.

Mbewe wa ku Kawale: Ndiye mukuti zonse ndi America?

Nangozo: Ayi. Ndikuti zonse ziwiri zinachitika: boma linalakwitsa, adani akenso anakankha. Ndipo mu Malichi 1973, mizere ili choncho, zipani za Allende zinapeza mavoti pafupifupi 44 pa 100 pa chisankho cha aphungu. Otsutsa analephera kupeza aphungu okwanira kuti amuchotse mwalamulo. Atalephera ndi voti ndi pamene mfuti zinatuluka.

Mai a Tadala: Koma zolamula dziko ndi mavoti 36 pa 100 ifenso tinazionapo, mu 2004 ndi mu 2014. Anthu awiri mwa atatu alionse sanakufune, iwe n'kumayendetsa zinthu ngati anakusankha onse.

Woyang'anira Gulu: Mai a Tadala, nambala zanuzo n'zoona, koma tisalowe m'zipani zakwathu. Tikudziwa mmene zinathera ulendo wapita uja. Tikhale ku Chile konko.

Aphunzitsi Opuma: Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Pinochet anamukweza ndi Allende yemwe. Mkulu wa asilikali Carlos Prats atatula pansi udindo, Allende anasankha Pinochet kukhala mkulu wa asilikali pa 23 Ogasiti 1973, pomuyesa wokhulupirika. Pa 11 Seputembala ndege za nkhondo zinaphulitsa La Moneda, nyumba ya boma, ndipo Allende anadzipha momwemo atalankhula komaliza pawailesi. Aphungu ambiri otsutsa ankaganiza kuti asilikali akonza zinthu miyezi ingapo n'kubweza boma kwa anthu wamba. Nyumba ya malamulo inatsekedwa mpaka 1990, zipani zonse n'kuletsedwa, kuphatikizapo zimene zinaombera m'manja tsiku lija.

Nangozo: Bwalo lalikulu la mpira la ku Santiago linasanduka ndende ya anthu masauzande. Apolisi achinsinsi a DINA, pansi pa Manuel Contreras, ankatenga munthu usiku, abale akapita kukafunsa n'kuuzidwa kuti dzina limenelo sakulidziwa. Ankalondola anthu mpaka kunja: Prats ndi mkazi wake anaphedwa ndi bomba ku Buenos Aires mu 1974, Orlando Letelier, yemwe anali nduna ya Allende, anaphedwa ndi bomba la m'galimoto mkatikati mwa Washington mu 1976. Makomiti a boma amene anafufuza pambuyo pake anavomereza anthu pafupifupi 40,000 kuti anaphedwa, anasowetsedwa, anazunzidwa kapena kumangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo oposa 1,000 mitembo yawo sinapezekebe. Ambiri anathawira kunja, ena anakagwira ntchito ku Mozambique dzikolo litangolandira ufulu. Amene analimba mtima kusunga maina a osowa ndi mpingo wa Katolika, kudzera mu ofesi ya Vicaría de la Solidaridad imene Kadinala Raúl Silva Henríquez anatsegula mu 1976. Mafayilo awo ndi amene anadzagwira ntchito m'makhoti.

Mbewe wa ku Kawale: Zimenezo n'zowawa, ndavomera. Koma funso langa lija la chuma likadali pomwepo.

Aphunzitsi Opuma: Tiyeni tiliyankhe ndi manambala. Pinochet anapereka chuma m'manja mwa akatswiri amene anaphunzira ku yunivesite ya Chicago. Iwo anachotsa malire a mitengo, anatsitsa misonkho ya katundu wolowa, n'kugulitsa makampani a boma. Kukwera mitengo kunatsikadi, ngakhale kunatenga zaka. Koma mu 1975 chuma chinatsika ndi pafupifupi 13 peresenti, ndipo mu 1982 chinatsikanso ndi pafupifupi 14 peresenti. Mabanki anagwa, boma lomwe linkalalikira kuti lisamalowerere malonda n'kuwapulumutsa ndi ndalama za anthu mu 1983. Mu 1987, patatha zaka 14 Pinochet ali pampando, anthu 45 mwa 100 alionse anali paumphawi. Pofika 2006 anali osakwana 14 mwa 100. Kutsika kwakukuluko kunachitika mu ulamuliro wa Aylwin, Frei mwana wa Frei uja, ndi Lagos, osankhidwa ndi voti onsewo.

Kuti ndisakondere: maboma amenewo sanagwetse zonse zimene anapeza. Malonda omasuka ndi maiko akunja anawasunga, kutumiza kunja zipatso, vinyo ndi nsomba kunapitirira, ndipo chuma chinali chitayamba kale kukwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Iwo anawonjezera misonkho ndi ndalama za zipatala ndi masukulu. Ndiye wina akhoza kunena kuti maziko ena anaikidwa nthawi ya asilikali. Chimene sindinamvepo ndi munthu wondifotokozera kuti kutsitsa msonkho wa katundu wolowa kunkafuna kuti munthu aponyedwe m'nyanja kuchokera mu helikopita.

Wa ku Kitwe: Tsopano pamene tinasiyanirana paja. Pinochet anagulitsa zambiri, koma migodi imene Allende analanda sanaibweze. Mu 1976 anaiphatikiza kukhala kampani ya boma ya Codelco, imene ilipo mpaka lero ndipo ndi imodzi mwa makampani aakulu kwambiri a kopa padziko lonse. Chifukwa chake? Lamulo linkati 10 peresenti ya ndalama zimene Codelco yagulitsa kunja izipita kwa asilikali. Ife ZCCM, kampani yathu ya boma ya migodi, tinaigulitsa, pofika 2000 inali itapita, mitengo ya kopa ili pansi. Patangopita zaka zochepa mitengo inakwera kwambiri, Chile n'kumasunga phindu m'thumba lapadera la boma, ife tikuonerera. Ndiye amene amatamanda Pinochet chifukwa chogulitsa katundu wa boma adziwe kuti chimene chinkabweretsa ndalama zambiri sanachigulitse.

Mai a Tadala: Za penshoni ndinamvanso kuti asilikali anazizemba.

Aphunzitsi Opuma: Eya. Mu 1981 antchito anasamutsidwira ku makampani a penshoni otchedwa AFP, aliyense azidzisungira yekha 10 peresenti ya malipiro ake. Asilikali ndi apolisi anatsala pa penshoni ya boma. Mankhwala amene ankamwetsa anzawo iwo sanawalawe.

Nangozo: Ndipo za kuti anali wankhanza koma wosaba zinatha mu 2004, pamene Senate ya America inapeza maakaunti ake achinsinsi ku Riggs Bank, ena a maina abodza, muli madola mamiliyoni.

Mbewe wa ku Kawale: Nanga anachoka bwanji munthu wotereyu? Ndimayesa anachita kufera pampando.

Aphunzitsi Opuma: Anakodwa mu msampha wotchera yekha. Malamulo oyendetsera dziko amene analembetsa mu 1980 ankati mu 1988 kudzakhale riferendamu: Inde, apitirize zaka zina zisanu ndi zitatu, kapena Ayi. Ankadziona wopambana kale. Koma nkhanga zinapangana kusanapse. Zipani zoposa khumi, kuphatikizapo a Christian Democrat ndi a Socialist amene ankadana koopsa mu 1973, zinagwirizana pa liwu limodzi. Mbali iliyonse inapatsidwa mphindi 15 pa TV usiku uliwonse, ndipo otsutsa anaika anthu awo m'malo ovotera kuti aziwerenga paokha. Pa 5 Okutobala 1988 boma linachedwetsa zotsatira mpaka pakati pa usiku. Mkulu wa asilikali a m'ndege, Fernando Matthei, akulowa ku La Moneda anauza atolankhani kuti kwa iye zikuonekeratu kuti Ayi wapambana. Pamenepo zobera zinavuta. Ayi anapeza pafupifupi 56 pa 100, Inde 44.

Ife amene tinaima pamzere pa 14 Juni 1993 kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda tikudziwa mmene tsiku lotere limakhalira. Koma onani 44 ameneyo. Si anthu ochepa, ndipo ana awo akuvotabe.

Nangozo: Komanso sanachoke kwenikweni. Patricio Aylwin analowa pa 11 Malichi 1990, koma Pinochet anakhalabe mkulu wa asilikali mpaka 1998, kenako senetala wa moyo wake wonse. Anasiya lamulo la 1978 lokhululukira asilikali, ndi masenetala osasankhidwa ndi anthu amene ankatsekereza kusintha kulikonse mpaka anathetsedwa mu 2005. Koma mlandu suola. Pa 16 Okutobala 1998 apolisi anamumanga m'chipatala ku London kumene anakachitidwa opaleshoni ya msana, pa pempho la woweruza wa ku Spain, Baltasar Garzón. Anakhala pa ukaidi wosachoka panyumba masiku 503, Margaret Thatcher n'kumapita kukamuona pothokoza thandizo lake pa nkhondo ya Falklands. Nduna ya za m'dziko ya Britain, Jack Straw, anamumasula ponena kuti ndi wodwala kwambiri moti sangazengedwe mlandu. Atatera ku Santiago anadzuka pa njinga ya olumala n'kuyenda kukapatsa moni asilikali ake. Anamwalira pa 10 Disembala 2006 asanagamulidwe mlandu ndi umodzi womwe. Pulezidenti nthawi imeneyo anali Michelle Bachelet, amene bambo ake, mkulu wina wa asilikali a m'ndege, anafera m'ndende mu 1974 atazunzidwa. Boma lake linakana kumuchitira maliro a mtsogoleri wa dziko.

Mbewe wa ku Kawale: Sindinagonjeretu, chifukwa aphunzitsi omwe avomereza kuti maziko ena ndi ake. Koma ndifunse china: ngati zinthu zinayenda bwino pambuyo pake, anthu anawotcheranji masiteshoni a sitima mu 2019?

Aphunzitsi Opuma: Choyambitsa chinali kukwera kwa mtengo wa sitima yapansi panthaka ku Santiago ndi mapeso 30 okha. Ana a sukulu anayamba kudumpha zipata osalipira, ndipo pa 25 Okutobala anthu oposa miliyoni imodzi anali mumsewu. Ankati vuto si mapeso 30, ndi zaka 30: penshoni zosakwanira, ngongole za kuyunivesite, chipatala cha olemera ndi cha osauka. Mu 2020 anthu 78 mwa 100 anavota kuti malamulo a 1980 alembedwenso. Olemba oyamba anakokera kwambiri kumanzere, mbali yofuna kuti boma lizilowerera kwambiri pa chuma, anthu n'kukana ndi 62 peresenti mu Seputembala 2022, Gabriel Boric ali pulezidenti. Achiwiri anakokera kumanja, n'kukanidwanso mu Disembala 2023. Dziwaninso kuti mu 2020 kuvota kunali kwa ofuna, anavota anthu pafupifupi 7.5 miliyoni, pamene mu 2022 kunali kokakamiza, anavota 13 miliyoni. Anthu amene sankapita ku zionetsero aja atalankhula, zotsatira zinasintha. Mpaka pano akugwiritsabe ntchito malamulo a 1980, osinthidwa kambirimbiri.

Wa ku Kitwe: Ndipo mkangano wa migodi wasamukira pa lithium, wa mabatire a mafoni ndi galimoto zamagetsi, m'chipululu chomwe chija cha Atacama. Kampani yaikulu yokumba lithium kumeneko ndi SQM. Poyamba inali kampani ya boma ya nitrate, inagulitsidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo amene anadzakhala mwini mphamvu wake kwa zaka zambiri ndi Julio Ponce Lerou, yemwe anali mkamwini wa Pinochet. Mu 2023 Boric analengeza kuti boma liyenera kukhala ndi gawo lalikulu m'migodi ikuluikulu ya lithium, ndipo amene anatumidwa kukakambirana ndi SQM m'malo mwa boma ndi Codelco.